Diresi ya pa eBay ija, mugule kapena musiye?

Achemwali ena andilembera imelo. Akuti aona diresi pa eBay, sayiti yogulitsirana katundu pa intaneti, yoti akavale pa chinkhoswe cha mng'ono wawo, anthu akupikisana mtengo ukungokwera, iwo mtima uli phaphapha kuopa kuberedwa.

Funso limeneli landigwira penapake achemwali, chifukwa ine ndinakulira pa kaunjika. Mayi anga ankagulitsa mumsika wa Limbe, ndipo tsiku lotsegula belo kunkakhala chipwirikiti, azimayi kukokerana siketi imodzi wina kuno wina uko. Koma mayi asanatchule mtengo wa bulauzi ankaitembenuza kaye, kuyang'ana kukhwapa ngati kwachita chikasu, kukoka zipi kukwera kutsika, kupisa chala m'thumba kuona ngati labooka, kenako kuinunkhiza. Kununkhiza ndithu! Makasitomala nawo chimodzimodzi, munthu ankayesa jini pozunguliza chiuno chake pakhosi, ikakumana kumbuyo ndiye kuti ikwana, palibe zoyesera kuseri. Pa intaneti zonsezi palibe, muli ndi zithunzi basi, zojambulanso mwini wake amene akufuna ndalama zanu, ndipo banga lija waliika mbali yosaoneka.

Msuweni wanga kuno ku Leeds ku UK anakopeka ndi jekete lachikopa pa eBay, akupikisana bwinobwino wogulitsa anamulembera pambali eti musavutike, ndipatseni nambala ya WhatsApp tigwirizane, mutumize ku banki ndikuchotserani. Anatumiza. Jekete mpaka lero, ndipo munthu uja anamubuloka tsiku lomwelo. Kokadandaula kunalibe poti ndalama sizinadutse pa eBay, ndiye chitetezo chonse chinathera pomwepo.

Ndiye ndinene mosapsatira, aliyense wokuitanirani kunja kwa sayiti ndi wakuba. Ena mundiuza kuti ayi pali ena achilungamo akungothawa ma fizi, ndalama zimene eBay imadula, ine zimenezo sindimva. Kumudzi nakonso ndi zomwezo, pa Facebook wina waonetsa madiresi okongola, akuti first to pay, tumizani kaye pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu tikupatsira pa basi. Ena amatumizadi inde, koma munthu amene simunamuonepo, shopu simukuidziwa, tsamba lake latsegulidwa mwezi watha, inu nkutumiza ndalama yonse? Bwanji osatuma m'bale akaone ndi maso, alipire katundu ali m'manja?

Komanso chinthu china chimene anthu sakamba, wakuba wamkulu pa okushoni ndi mtima wanu womwe. Mukaona wina wakupitirirani ndi paundi imodzi mumapsa mtima ngati wakutukwanani, mumawonjezera, iye awonjezera, mapeto ake diresi yovalidwa kale mwaigula mtengo wa yatsopano mu shopu. Pamene eBay ili ndi njira yoti mumangolemba ndalama yomaliza imene mungakwanitse, iyo imakupikisanirani yokha pang'onopang'ono mpaka pamenepo. Akatswiri ake amadikira masekondi omaliza ndi pomwe amaponya mtengo. Lembani malire anu mutawerengera kale ndalama ya positi, ikani foni pansi kaphikeni nsima. Ndipo ngati katunduyo akupita ku Malawi kumbukirani kuti a MRA angafune msonkho wawo, mtengo wa pa sikirini si womaliza.

Za masayizi

Apa ndi pamene ambiri amalira osaberedwa nkomwe. Sayizi 12 ya UK ku America ndi 8, ku Ulaya ndi 40, ndipo makampani sasoka mofanana, 12 ya kampani iyi imatha kukhala yothina kuposa 12 ya kampani ina. Ife ena mahipi Mulungu anatipatsa mosaumira, diresi imalowa bwino m'mapewa nkukakanira pansi. Muuzeni wogulitsa ayale diresiyo pansi, aike tepi kuchokera kukhwapa kufika kukhwapa, m'chiuno, m'mahipi ndi kutalika, ajambule tepi ikuoneka. Inu muyeze diresi yanu imene imakukwanani bwino mufananize. Mupemphenso chithunzi cha lebulo yamkati ndi cha kukhwapa kuja. Akakwiya kapena akangoti zii, musiyeni, madiresi ndi ambiri.

Tsono yankho lanu achemwali, gulani, koma werengani kaye ndemanga zoipa za wogulitsayo osati zabwino zokha, lipirani pa eBay pomwepo, mauthenga onse akhale momwemo. Ikapanda kufika kapena ikabwera yosiyana ndi zomwe analemba muli ndi masiku 30 okadandaula. Mukamalipira wogulitsa pa PayPal musasankhe Friends and Family, njira yotumizira ndalama abale ndi anzanu, imeneyo ilibe chitetezo. Ndipo onani tsiku lomwe ifike, isakhale sabata ya chinkhoswe, a telala adzafunika nthawi yoti abweze kapena kutulutsa m'chiuno.