Singano ya pa prostate ndi ululu umene ndinaubisa

Bambo wina wa ku Chibavi wandilembera kuti PSA yawo (muyezo wa m'magazi wounikira prostate, kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo) yapezeka yokwera, choncho madokotala akufuna kuwadula tinyama ta prostate kuti akatiyeze, ndipo akufunsa ngati pali chochepetsa ululu. Bambo, kalata yanu yandikumbutsa m'mawa wina wa chisanu cha Juni kuno ku Mzuzu, pamene ndinagona chammbali pa kama wa chipatala china, mawondo nditawapindira pachifuwa.

Tsiku limenelo anangondipaka mankhwala a dzanzi, kenako analowetsa kachipangizo kounikira kudzera kotulukira chimbudzi. Singano yake imalira ngati msampha wa mbewa ukafwamphuka, ndipo nthawi zambiri amadula tinyama 10 kufika 12, kalikonse ndi kulira kwake. Ndinawerenga mpaka 7, kenako ndinaluma kolala ya malaya anga. Namwino atandifunsa ngati ndili bwino, ndinayankha kuti palibe vuto, poti tinaleredwa kuti mwamuna salira. Mayi a kunyumba ankandidikira pabenchi ndi fulasiki ya tiyi, ndipo atangondiona nkhope sanafunsenso kanthu.

Patapita miyezi ndinamva kuti pali jakisoni wa dzanzi wotchedwa lignocaine amene amabaya m'mbali mwa prostate, momwe mumadutsa mitsempha yonyamula ululu, ndipo amathandiza kwambiri kuposa mankhwala opaka aja. Poyamba ndinkadziimba mlandu kuti sindinafunse, koma munthu angafunse bwanji chinthu chimene sanachimvepo? Lero ndikunena mosapsatira kuti kudula munthu tinyama osamuuza za jakisoniyu ndi kumulakwira, ndipo mawu akuti "pirirani, ndi mphindi zochepa chabe" amanenedwa ndi amene sanagonepo pa kama paja.

Zoti muchite

Musanavule, funsani ngati akubayani jakisoniyo, ndipo akabaya adikire mphindi zingapo kuti agwire. Madokotala ena amalowetsa singano yodulira tinyama pakhungu la pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi, ndipo pamenepo angagwiritse ntchito jakisoni wa dzanzi, wa pamsana, kapena mankhwala ogonetsa. Ngati mumamwa aspirin kapena warfarin, auzeni adokotala pasadakhale chifukwa amachedwetsa magazi kuundana. Kunyumba panado amakwanira kwa anthu ambiri. Timagazi mumkodzo ndi mu umuna n'tachizolowezi, koma thupi likatentha kapena mkodzo ukatsekeka, bwererani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku.