Kodi dizilo akutha m'mapikapu ndi ma SUV? Yankho kwa amene mukufuna kugula twin cab

Bambo, mwafunsa ngati n'chanzeru kugula twin cab ya dizilo panopa, popeza mbale wanu amene ali ku America wakuuzani kuti kumeneko makampani akuchotsa injini za dizilo m'mapikapu ndi m'galimoto zazitali zija timati ma SUV. Mbale wanuyo sananame. Komabe chimene chathamangitsa dizilo kumeneko ndi mtengo woyeretsera utsi wake, ndipo nkhani ya utsiyo ndi imene muyenera kuimvetsa musanatulutse ndalama, chifukwa yayamba kale kutipeza kuno kudzera m'galimoto zimene timaitanitsa kunja.

Ku America mapikapu amawagawa pawiri. Alipo akuluakulu okokera ngolo zolemera, monga Ford F-250 ndi Ram 2500, ndipo mwa amenewa dizilo akadali wolimba. Ndiye pali amene eniake amati opepuka, monga F-150, Ram 1500 ndi Chevrolet Silverado 1500, ngakhale kuti Hilux mutaiimika pambali pawo imaoneka yaing'ono. Mwa opepukawa ndi mmene makampani ambiri analowetsa dizilo n'kumutulutsanso zaka 10 zisanakwane. Ram inayamba mu 2014 ndi injini ya malita 3.0 yotchedwa EcoDiesel, yopangidwa ku Italy ndi kampani ya VM Motori, ndipo injini yomweyo inkapezekanso mu Jeep Grand Cherokee. Mu 2016 Chevrolet inaika injini ya dizilo ya malita 2.8 mu Colorado, Nissan inayesa ya Cummins mu Titan XD, kenako mu 2018 Ford inatsatira ndi Power Stroke ya malita 3.0 mu F-150. Nissan inasiya itatha 2019, Ford inasiya mu 2021, Colorado inasiya itatha 2022, ndipo Ram inatseka EcoDiesel kumayambiriro kwa 2023. Imene yagwiritsitsabe ndi General Motors, mwini wake wa Chevrolet, ndi injini yake ya Duramax ya malita 3.0 imene imapezeka mu Silverado, Sierra, Tahoe ndi Suburban.

Ubwino wa dizilo palibe anautsutsa. Lita ya dizilo ili ndi mphamvu zambiri kuposa lita ya petulo, ndipo injini yake imapanikiza mpweya kwambiri mpaka mafuta amayaka okha popanda pulagi, n'chifukwa chake imamwa pang'ono komanso imakoka katundu pachitunda ngakhale musanaiponde kwambiri. Vuto ndi lakuti kutentha komweko kumabala mpweya woipa wotchedwa NOx, ndipo mafuta osapsa bwino amatuluka ngati mwaye umene umakalowa m'mapapo. Kuti galimoto iloledwe kugulitsidwa ku America kapena ku Ulaya, imafunika vavu ya EGR yobwezera utsi wina mu injini, sefa ya DPF yogwira mwaye mu ekizozi, ndiponso thanki ina yapadera ya madzi a AdBlue, amene ndi yureya wokwana 32.5 peresenti wosungunulidwa m'madzi oyeretsedwa. Zonsezi zimakweza mtengo wa galimoto ndi madola masauzande angapo. Munthu wokoka ngolo tsiku ndi tsiku ndalamazo amazibweza pa mafuta, koma ambiri ogula F-150 amangoyendera kupita kuntchito, ndipo kwawoko dizilo nthawi zambiri amadula kuposa petulo. Ngakhale msonkho wa boma lalikulu ndi masenti 24.4 pa galoni ya dizilo pamene pa petulo ndi 18.4. Pa nthawi yomweyo injini za petulo zinaphunzira kukoka. Ford inaika EcoBoost ya turbo mu F-150 mu 2011, ndipo mu 2021 inabweretsa ya hybrid, yoyendera petulo ndi batire, imene inalanda malo a dizilo uja.

Palinso nkhani ya chikhulupiriro. Anthu achikulire a ku America sanaiwale injini ya dizilo ya Oldsmobile ya malita 5.7, imene inagulitsidwa kuyambira 1978 mpaka 1985 ndipo inatchuka ndi kuwonongeka, mwa zina chifukwa inalibe kachipangizo kolekanitsa madzi ndi mafuta. Mbiriyo itangoyamba kuzilala, mu Seputembala 2015 kunaululika kuti Volkswagen inaika pulogalamu yobera mayeso a utsi m'galimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse, moti zina zinkatulutsa NOx wochuluka mpaka maulendo 40 kuposa mlingo wololedwa zikakhala pamsewu. Mu Januwale 2019 kampani ya Fiat Chrysler, imene inali mwini wa Ram ndi Jeep, inavomera kulipira ndalama pafupifupi madola 800 miliyoni pa milandu yokhudza EcoDiesel yomwe ija. Ku Ulaya, kumene kale theka la galimoto zatsopano zinali za dizilo, mu 2024 zinatsika kufika pafupifupi 12 peresenti.

Tsono mapikapu amene timayendera kuno sachokera kumsika umenewo. Hilux ndi Fortuner zimapangidwa ku Prospecton ku Durban, Ford Ranger ku Silverton ku Pretoria, Isuzu D-Max ku Gqeberha, zina ku Thailand, ndipo ogula ake ku Africa, ku Australia ndi ku Asia amafunabe dizilo. Chochititsa chidwi n'chakuti injini ya V6 imene Ford inaichotsa mu F-150 sinafe: mtundu wake ndi umene uli mu Ranger yatsopano, ndipo amaimanga ku Struandale, ku Gqeberha komweko. Toyota nayo imagawa chimodzimodzi. Land Cruiser 250 yogulitsidwa ku America ndi ya petulo ya hybrid, pamene galimoto yomweyo ku South Africa ndi Prado ya dizilo ya malita 2.8. Choncho mukandifunsa ngati masipeya ndi amakaniko a dizilo adzasowa zaka zikubwerazi, ine sindikuona choncho. Malole, mathirakitala, majenereta ndi zigayo zonse zikudalira mafuta omwewa.

Pamene ndikufuna mukhalepo tcheru ndi apa. Ambiri akamatamanda dizilo amakumbukira injini zakale za Hilux, 3L ndi 5L, zapampu yamakina, zimene zinkamwa chilichonse n'kumayendabe. Injini za lero za common rail zimakankha mafuta ndi mphamvu yofika mabar 2,000 kudutsa m'timabowo ta injekita tosaoneka bwino ndi maso, ndipo madzi pang'ono kapena fumbi zimakwanira kuwononga mainjekita onse anayi pamodzi ndi pampu. Mafuta akasowa anthu amathamangira a m'zigubu, amene ena amawasakaniza ndi parafini, ndipo parafini alibe kuterera kumene pampu imafuna. Minibasi yakale ikhoza kupirira zimenezo, koma GD-6, injini ya Hilux ya masiku ano, singapirire. Pafyuluta ya dizilo pali kapopi kotsegula ndi zala pansi pake. Makaniko wodziwa ntchito amakatsegula n'kukhetsera m'botolo loonekera, ndipo ngati muli madzi amaoneka atakhazikika pansi, dizilo ali pamwamba. Galimoto iliyonse imene mukufuna kugula muichite zimenezi musanakambe mtengo.

Chachiwiri ndi DPF ija, makamaka ngati mukuitanitsa ku Japan kapena ku Britain. Malamulo a utsi ku South Africa ndi ofewa, moti galimoto zambiri zogulitsidwa kumeneko zilibe zipangizo zonse ndatchula zija, koma Prado ya 2.8 ya ku Japan ndi Hilux ya ku Britain yotsata malamulo a utsi a Euro 6 zimabwera ndi DPF komanso AdBlue. Sefayo imadziyeretsa yokha powotcha mwaye pa madigiri pafupifupi 600, ndipo kuti itenthe chotero imafuna ulendo wautali wothamanga mosalekeza. Ngati ulendo wanu ndi wochoka ku Area 25 kupita ku Old Town pamdipiti wa m'mawa, injini imazimitsidwa kuwotchako kusanathe, dizilo wotsala amatsikira mu oyilo, mlingo wa oyilo umakwera m'malo motsika, kenako kanyali kamayaka padashibodi ndipo galimoto imakana kuthamanga. Mankhwala ake, vuto likadali laling'ono, ndi kuitulutsa pa M1 mpaka ku Dedza n'kubwerera. Dizilo wa 50 ppm amene timamwetsa kuno ali ndi sulufule wambiri poyerekeza ndi wa 10 ppm wa ku Japan ndi ku Ulaya, ndipo izi zimafupikitsa moyo wa zipangizozi. Musaganize kuti ndi vuto la kuno kokha: mu 2022 khoti la ku Australia linagamula kuti DPF inali yolakwika m'ma Hilux, Fortuner ndi Prado oposa 260,000 ogulitsidwa pakati pa 2015 ndi 2020. Alipo amakaniko amene amangoichotsa sefayo n'kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini. Ine sindikulimbikitsani, chifukwa utsi wakudawo amaupuma ndi ana oyenda m'mbali mwa msewu, ndipo ntchitoyo ikachitidwa mwachisawawa imabala mavuto ena.

Wopikisana naye weniweni wa dizilo m'mapikapu athu akubwera ndi petulo wophatikiza ndi batire lotchaja, monga BYD Shark ndi Ranger ya plug-in imene ikupangidwa ku Silverton. Toyota yangowonjezera kabatire ka 48V pa injini yake ya dizilo ya 2.8. Kwa munthu wa m'tauni amene ali ndi sola panyumba galimoto zimenezi zidzakhala zokopa, koma kwa woyenda ku Chitipa kapena ku Nsanje atasenza matumba, kuzimazima kwa magetsi ndi kuchepa kwa odziwa kuzikonza zikuchititsa kuti dizilo akhalebe patsogolo.

Ndiye kwa inu ndinganene motere. Ngati twin cab mukuifunira kumunda, kukoka ngolo, kapena maulendo aatali pafupipafupi, gulani ya dizilo, makamaka yopangidwira msika wa kuno kum'mwera kwa Africa, muzimwetsa pa filling station pokha ndipo fyuluta ya mafuta muziisintha nthawi isanakwane. Ngati ndi yoperekera ana kusukulu ndi kukagula zinthu m'tauni, SUV ya petulo kapena ya hybrid siikuvutitsani kwambiri. Wogulitsa mumufunse msika umene galimotoyo inapangidwira, ngati ili ndi DPF ndi thanki ya AdBlue, ndipo mupite ndi makaniko wokhala ndi kompyuta aone mmene injekita iliyonse ikugwirira ntchito ndi kuchuluka kwa mwaye umene uli m'sefa.