Kodi mafupa ochepa angasonyeze bwanji kuti chamoyo chinkayenda choimirira?

Aphunzitsi ena a sayansi pa sukulu ya sekondale ku Ulongwe, m'boma la Angonia, anditumizira imelo yokhala ndi mafunso awiri amene ophunzira awo anawapanikiza nawo m'kalasi. Loyamba ndi lakuti, ngati anthu anachokera kwa anyani, n'chifukwa chiyani anyani akadalipo ndipo akusakazabe chimanga m'minda ya m'tsinde mwa mapiri? Lachiwiri, limene iwo akuti ndi limene lawasowetsa choyankha, ndi lakuti akatswiri angadziwe bwanji, pongoona zidutswa za mafupa, kuti chamoyo chimene chinafa zaka mamiliyoni atatu zapitazo chinkayenda ndi miyendo iwiri.

Aphunzitsi, funso loyambalo sindichedwapo, chifukwa likuchokera pa mawu amene asayansi sanena. Iwo sanena kuti munthu anabadwa kwa nyani amene timamupirikitsa m'munda. Chimene amanena ndi chakuti munthu ndi chimpanzi, nyama ya m'nkhalango za pakati ndi kumadzulo kwa Africa, ali ndi kholo limodzi limene linakhalako zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ndipo mzere wa nyani wa m'mapiri athu unapatukana ndi mzere wathu kale kwambiri kuposa pamenepo, zaka zoposa 25 miliyoni zapitazo. Msuweni wanu sanakubaleni, ndipo kubadwa kwanu sikunachititse kuti iye aleke kukhalapo. Munangochokera kwa agogo amodzi, aliyense n'kulowera kwake.

Funso lachiwiri ndi limene lili ndi nkhani yaikulu, ndipo yankho lake limayambira pa mfundo yakuti fupa limaumbika motsatira ntchito imene limagwira. Pansi pa chigaza pali chibowo chachikulu chimene mtsempha wochokera ku ubongo umadzerapo polowa m'fupa la msana. Mukapha mbuzi, mutu wake ukapsa n'kuchotsedwa nyama yonse, tengani chigazacho mupite nacho m'kalasi, ndipo ophunzira adzaona okha kuti chibowocho chili kumbuyo kwenikweni ndipo chinaloza kumene kunali thupi, pakuti mutu wa mbuzi umalendewera kutsogolo kwa khosi ndipo umagwidwa ndi minofu yamphamvu ya pankhongo. Kwa munthu chibowochi chili pansi, chapakati, chifukwa mutu umakhala pamwamba pa msana woima njo. Raymond Dart, amene ankaphunzitsa za thupi la munthu ku Johannesburg, anaona chizindikiro chimenechi pa chigaza cha mwana chimene chinafukulidwa mu 1924 pa mgodi wa miyala ya laimu ku Taung, m'dziko la South Africa. Mu 1925 iye analengeza kuti chigazacho chinali cha mtundu umene anautcha Australopithecus africanus, ndipo ananena kuti mwanayo, ngakhale anali ndi ubongo waung'ono, ankayenda choimirira. Akatswiri ambiri a ku Ulaya anakana, ndipo china chimene chinawasocheretsa chinali chigaza cha ku Piltdown, ku England, chimene chinaonetsedwa mu 1912 chili ndi bade lalikulu ngati la munthu ndi nsagwada ngati ya nyani. Mu 1953 zinadziwika kuti chinali chachinyengo: wina anangophatikiza bade la munthu ndi nsagwada ya orangutan, nyani wamkulu wa ku Asia, mano ake atawapala dala.

Komabe ine ndimaona kuti chibowo cha chigaza pachokha ndi umboni wofooka poyerekeza ndi mafupa a m'chiuno ndi a mwendo. N'chifukwa chake chigaza cha chamoyo chakale chotchedwa Sahelanthropus, chimene gulu la Michel Brunet linapeza ku Chad mu 2001 ndipo chili ndi zaka pafupifupi 7 miliyoni, akatswiri akukanganabe za mmene mwini wake ankayendera. Pa Lucy, dzina limene akatswiri anapatsa chamoyo china chakale chachikazi, mkangano wotere palibe. Mafupa ake anapezeka mu 1974 ku Hadar, m'dziko la Ethiopia, ndi gulu la Donald Johanson. Ali ndi zaka pafupifupi 3.2 miliyoni, ndipo amene anatoleredwa ndi pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a mafupa a thupi lake. Anali wamfupi, wotalika mita imodzi ndi masentimita 10 okha, koma chiuno chake chimafotokoza zambiri.

Uzani wophunzira mmodzi aimirire ndi mwendo umodzi, aike chikhatho pambali pa chiuno, pamwamba pang'ono pa pamene ntchafu imalumikizana ndi thupi. Adzamva mnofu utalimba gwa. Mnofu umenewo ndi umene umagwira chiuno kuti chisapendekere kumbali ya mwendo umene uli m'mwamba, ndipo umagwira ntchito imeneyi pa sitepe iliyonse, chifukwa kuyenda kwa munthu ndi kuima ndi mwendo umodzi mosinthanasinthana. Kuti mnofuwu ukoke kuchokera m'mbali, fupa la m'chiuno liyenera kukhala lalifupi, lotambalala ndi lokhotera kutsogolo. La chimpanzi ndi lalitali, lafulati ndipo linayang'ana kumbuyo, choncho chimpanzi akaimirira amayenda mwapendapenda, akuponya thupi lonse uku ndi uku, maondo atapinda, ndipo sachedwa kubwerera pa miyendo inayi. Fupa la m'chiuno la Lucy ndi lalifupi ndi lotambalala. Silifanana ndendende ndi lathu, koma linaumbidwa mogwirizana ndi ntchito yomweyi.

Bondo nalo limachitira umboni. Fupa la ntchafu la munthu silitsika molunjika. Limayambira kunja pachiuno n'kupendekera mkati, kotero kuti maondo amayandikana ndipo phazi limaponda pansi pa thupi penipeni. Kupendeka kumeneku kumaoneka ngakhale mutangokhala ndi kumapeto kwa fupalo, mukaliimika pa tebulo. Chochititsa chidwi ndi chakuti khanda silibadwa nako, koma kumabwera mwana akayamba kuyenda, pamene kulemera kwa thupi kukuumba fupa limene likukula. Motero fupa lopendeka limasonyeza kuti mwini wake anayendadi ndi miyendo iwiri pa moyo wake. Johanson anapeza bondo lotere ku Hadar komweko mu 1973, chaka chimodzi Lucy asanapezeke.

Ophunzira amene angakayikebe mafupa, auzeni za mapazi a ku Laetoli, m'dziko la Tanzania. Zaka pafupifupi 3.66 miliyoni zapitazo phiri linaphulika n'kumwaza phulusa pachigwa, mvula inawaza, ndipo zamoyo zinadutsa pa phulusa lonyowalo lisanaume n'kukwiriridwa ndi lina. Mu 1978 gulu la Mary Leakey linafukula mzere wa mapazi wotalika pafupifupi mamita 27. Chidendene chinkaponda kwambiri, chala chachikulu chinali pamzere umodzi ndi zinzake osati chotakasukira pambali ngati cha nyani chogwirira nthambi, ndipo palibe paliponse pamene manja anaponda. Phulusa lomwelo ndi limene limathandiza kudziwa zaka, chifukwa muli timiyala tokhala ndi potaziyamu amene amasanduka mpweya wa argon pa liwiro lodziwika, ndipo kuchuluka kwa mpweyawo kumasonyeza nthawi imene yapita chiphulikire phirilo.

Mfundo imene ndikufuna kuti ophunzira anu aigwire ndi yakuti zamoyo zimene zinali ndi chiuno, maondo ndi mapazi otere zinali ndi ubongo waung'ono. Mtundu wa Lucy, Australopithecus afarensis, unali ndi ubongo wa mamililita pakati pa 400 ndi 550, wosasiyana kwenikweni ndi wa chimpanzi umene uli pafupifupi 400, pamene wa munthu wa lero uli pafupifupi 1,350. Miyendo inatsogola, mutu unakula pambuyo pake patapita zaka zoposa miliyoni, ndipo chithunzi chofala chija cha nyani amene akuwongoka pang'onopang'ono mpaka kukhala munthu chimabisa zimenezi. Thupi silinasinthe lonse pamodzi. Lucy anali ndi mikono yaitali poyerekeza ndi miyendo, ndipo mafupa a zala a mtundu wake anali okhota, zimene zikusonyeza kuti kukwera mitengo anali asanakusiye. Ardi, dzina la chamoyo china cha mtundu wa Ardipithecus ramidus cha zaka 4.4 miliyoni zapitazo, anali akadali ndi chala chachikulu cha kuphazi chotha kugwira nthambi. Thupi la miyendo yaitali ndi mikono yaifupi ngati lathu limaoneka bwino pa mafupa a mnyamata wa zaka pafupifupi 1.5 miliyoni zapitazo, amene Kamoya Kimeu wa ku Kenya anawapeza mu 1984 kumadzulo kwa nyanja ya Turkana.

Pali chenjezo limodzi loyenera kuwapatsa ophunzira, lakuti fupa lililonse limayankha funso lake lokha. Chitsanzo chili pafupi nafe, kutsidya kwa malire. Mu 1991 gulu lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya m'munsi ku Uraha, m'boma la Karonga ku Malawi. Ili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, zimene anazidziwa poyerekeza mafupa a nyama zimene zinapezeka m'dothi lomwelo, makamaka nkhumba zakale, ndi a kumadera ena kumene zaka zake zimadziwika, ndipo ambiri amaiika mu mtundu wa Homo rudolfensis. Ku Malema, m'boma lomwelo, kunapezekanso chidutswa cha nsagwada ya m'mwamba ya Paranthropus boisei, mtundu wa mano akuluakulu otafunira ndi minofu ya nsagwada yamphamvu kwambiri, moti pamwamba pa zigaza zina za mtunduwu pali kamtumbira ka fupa pamene minofuyo inkagwira. Nsagwada ziwirizi zimatiuza za kadyedwe, ndiponso kuti mitundu iwiri yosiyana inkakhala m'dera limodzi pa nyengo imodzi, koma za kayendedwe sizinena kanthu. Wophunzira amene angafunse kuti nsagwada ikusonyeza bwanji kuyenda, muyamikireni, pakuti wafunsa zoona.

Mwina ena adzafunsa ngati mafupa otere angatuluke m'migodi ya malasha ya ku Moatize. Sangatuluke, chifukwa miyala ya malashayo inapangika zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, kusanakhale munthu kapena nyani. Malo oyembekezeka ndi zigwa zimene nthaka inang'ambika n'kutitimira, kumene matope a m'nyanja ndi m'mitsinje anakwirira mafupa msanga ndipo lero madzi a mvula akuwafukula. N'chifukwa chake ku Gorongosa, m'chigawo cha Sofala, kuli kafukufuku wa mtundu umenewu amene anayambitsidwa ndi Susana Carvalho. Mgodi umene unatulutsadi chigaza ndi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe, ku Zambia, mu 1921. Chigazacho chili ndi zaka pafupifupi 300,000, chili ndi mafupa ochindikala kwambiri pamwamba pa maso, ubongo wa mamililita oposa 1,200 ndi mano ambiri obooka, ndipo chimasungidwa ku Natural History Museum ku London, ngakhale kuti boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwezedwe.