Yankho kwa amalume: soya wobiriwira koma wopanda timibulu

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, uthenga wanu ndangoumvera pompano. Ndiye mwati soya amene munathirako Urea wotsala kuchimanga uja wabiriwira bwino, watalika, koma mutazula phata limodzi mwapeza mizu ili see, yopanda timibulu, pomwe wa anzanu oyandikana nawo munda, amene sanathire kalikonse, timibulu tili mbwee. Ndiye mukufunsa ngati fetelezayo wawotcha mizu.

Ayi, sanawotche. Soyayo sakudwala, wangochenjera basi. Mundimvetsere kaye.

Timibulu tija ndi tinyumba. Mkati mwake mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene alangizi amatitchula kuti rhizobia. Ntchito yake n'kutenga nayitirojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Mpweya umene tikupumawu, magawo 78 pa 100 ndi nayitirojeni, koma mbewu payokha singamudye. Ndiye soya amalemba tizilomboti ganyu. Koma ganyu salipira ndi pakamwa, amalume. Soya amalipira ndi shuga amene masamba apanga padzuwa, ndipo ndi shuga wambiri ndithu, woti akanatha kukulitsira nthambi.

Tsopano inuyo mwabwera ndi Urea. Urea ndi wamphamvu, magawo 46 pa 100 ndi nayitirojeni yekhayekha. Akalowa m'dothi lonyowa, pakapita masiku amasanduka mchere wotchedwa nayitireti, umene mizu imangoyamwa mosavuta ngati madzi. Ndiye taganizani, munthu wina wakutulirani matumba a chimanga pakhomo ulere, inu mungavutikenso kulemba aganyu oti muziwaphikira nsima? Soya naye amawerengera chimodzimodzi.

Mmene zimachitikira n'zochititsa chidwi. Mbewu ikakhala ndi njala, mizu imatulutsa timadzi toitanira tizilombo tija. Tikafika, katsitsi ka muzu kamapindika n'kutikumbatira, timalowa mkati, kambulu n'kuyamba kutupa. Nayitireti akachuluka, kuitana kuja kumachepa, khomo limatsekeka. Si zokhazo, muzu umatumizanso uthenga kumasamba kuti kuno takhuta, masamba n'kubweza lamulo loti musamangenso tinyumba tina. Akatswiri amayesa pogawa mizu ya mbewu imodzi m'miphika iwiri, n'kuthira nayitireti mumphika umodzi wokha. Mbali yothiridwayo timibulu timachepa kwambiri, ndipo akachulutsa mcherewo, ngakhale mbali inayo imachepetsako. Ndiye kuti mbewu yonse yamva nkhaniyo. Timibulu timene tinalipo kale timaleka kukula chifukwa shuga sakubweranso mokwanira. Chabwino chake n'chakuti nayitireti akatha m'dothi, mwina wakokoloka ndi mvula kapena mbewu yamudya, timatha kuyambiranso ntchito.

Eee, komanso ndifunse, munazula kapena munakumba? Chifukwa mukazula ndi dzanja dothi lili louma, timibulu timathothoka n'kutsalira pansi, inu n'kumati palibe. Mawa m'mamawa mutenge khasu, mukumbe mapata atatu kapena anayi m'malo osiyanasiyana, makamaka kutali ndi pamene munathira kwambiri, mutsuke mizu m'chidebe. Mukapeza kambulu, mukadule ndi lezala. Kakakhala kofiira mkati ngati nyama yaiwisi, kakugwira ntchito. Koyera ndiye kuti n'kakang'ono kapena n'kaulesi, kobiriwira kapena koderako ndiye kuti kakalamba. Nthawi yabwino yoonera ndi pamene soya wayamba maluwa. Ndipo ngati mizere ina ili pafupi ndi pamene panali khola, musadabwe kukapezako tochepa, manyowa ambiri amachitanso zomwezo.

Ine chondiwawa ndi ndalama yanu. Thumba la Urea mmene lakwereramu, bola mukanathira kuchimanga kapena kusungira kudimba. Soya atha kubereka ndithu, koma mwamugulira chakudya chimene akanapanga yekha, ndipo kubiriwira kwa masamba sikutanthauza kuti makoko achuluka. Nthawi zina amangotalika n'kugwa. Chimene soya amachifuna kwambiri kuchokera kwa inu ndi fosifolasi, chakudya china cha mbewu chopezeka m'feteleza wina, chifukwa popanda ameneyo timibulu sitikula bwino. Kanayitirojeni pang'ono podzala, ngati munda ndi wogugiratu, sikalakwa, kamathandiza mbewu isanamange timibulu. Koma kubereketsa ndi Urea ngati chimanga, ayi.

Chaka chamawa mugule inokulanti, uja amagulitsa m'timapaketi, monga Nitrofix. Muli tizilombo tamoyo, ndiye asakhale padzuwa, musakanize ndi mbewu pamthunzi n'kudzala tsiku lomwelo. Ngati mbewu yanu ya soya ndi ya mtundu wa Tikolore, imeneyo imatha kugwirizana ndi tizilombo ta m'dothi mwathu momwemu, komabe inokulanti amawonjezera. Mtedza, nandolo ndi khobwe nthawi zambiri zimadzipezera tizilombo tokha, nazonso musazizunze ndi Urea. Nyemba zokha ndiye zaulesi pang'ono pa ntchito imeneyi, zimenezo kafeteleza kochepa zimakalandira.

Mukakumba mawa mujambule mizuyo, ndi kambulu kodula komwe, muponye pagulu pano ndione. Foni ikutha moto. Mupereke moni kwa azakhali.