Asasiye sukulu chifukwa cha gofu

Mayi, mwati mnyamata wanu wa Fomu 3 amanyamulira anthu zikwama za gofu ku Kasasa, ku Dwangwa, ndipo akufuna kusiya sukulu poti akumuuza kuti ali ndi dzanja loti n'kudyera gofu. Zikwama zimenezo nanenso ndinanyamulapo ndili mnyamata, ndiye nkhaniyi yandikhudza. Asasiye sukulu. Gofu si wachabe ayi, koma khomo lalikulu lolowera gofu wa ndalama lili kusukulu komweko.

Ku America mayunivesite ali ndi matimu a gofu, ndipo wosewera bwino amamuthandiza fizi, kumupatsa mphunzitsi ndi kumutengera ku mipikisano. Katswiri wa gofu Tiger Woods anakhala zaka 2 ku yunivesite ya Stanford, n'kupambana mpikisano wa mayunivesite mu 1996, kenaka n'kuyamba kusewerera ndalama chaka chomwecho. Masiku ano amene wakhala nambala 1 pa osewera omaliza yunivesite amalowa mwachindunji mu PGA Tour, ligi yaikulu ya gofu wa ndalama ku America, monga anachitira Ludvig Åberg wa ku Sweden mu 2023 atachoka ku Texas Tech.

Koma awo atitalikira. Muuzeni za aneba athu a ku Zimbabwe. Brendon de Jonge ndi Scott Vincent onse anadzera ku yunivesite ya Virginia Tech ku America. De Jonge anayamba kusewerera ndalama mu 2003, PGA Tour anaifika mu 2007, koma sanakhalitse. Anabwerera ku ligi yaing'ono, n'kukasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa chaka cha 2008, ndiye anakweranso. Vincent anayamba mu 2015, anazungulira maiko a ku Asia, chikho chachikulu n'kudzachigwira ku Japan mu 2021. Zaka 6 zimenezo, Mayi, kwa munthu amene anaphunzitsidwa bwino kuyambira ali mwana.

Chimene omutamawo samuuza n'chakuti gofu alibe malipiro a pamwezi ngati mpira. Mpikisano umatenga masiku 4, koma pakatha masiku 2 amadula mzere kuti apitirize okhawo amene achita bwino, ndipo m'mipikisano yambiri amene watsala kunsi amabwerera chimanjamanja. Ndege, malo ogona, chakudya, wonyamula chikwama, zonse amalipira yekha. Masabata atatu otsatizana otero, munthu walowa m'ngongole. Wopanda pepala la sukulu agwira mtengo wanji?

Njira ina ilipo, ya Sunshine Tour, ligi ya gofu wa ndalama ku South Africa, komwe amalowa podutsa mpikisano wosankhira osewera. Kumeneko digiri safunsa, koma ndalama zoyendera n'zomwezo.

Ndiye ngati mwanayo akufunadi, ayambe ndi handicap (nambala yosonyeza luso la wosewera, imene imatsika akamadziwa) yovomerezeka, yolembedwa ku kalabu, ndipo aitsitse mpaka ifike pafupi ndi 0. Kumenya mpira patali pa bwalo limene akudziwa mtengo uliwonse si umboni. Apite ku mipikisano ya achinyamata ku Lilongwe ndi ku Blantyre, zotsatira zake azisunga, pakuti aphunzitsi a kunja amaona manambala. Chingerezi ndi masamu azilimbikire, chifukwa yunivesite imafuna magiredi abwino ngakhale udziwe gofu chotani.

Inuyo pitani naye ku kalabu Loweruka likubwerali, mukaonane ndi kaputeni. Mukamupemphe kuti mwanayo azisewera akaweruka ndi pa holide, komanso ngati alipo membala amene angamubwereke ndodo. Nthawi ya kalasi asapezeke pa bwalo, kufikira atalemba MSCE.