Funsani Mlangizi: Kodi nkhumba yodwala ingapatsire munthu matenda?

FUNSO: Ine ndimaweta nkhumba ku Mitundu, ndipo zina ndimapha ndekha n'kukagulitsa kwa anyamata a pa chiwaya mumzinda wa Lilongwe. Sabata yathayi nkhumba ina inasiya kudya, inafiira makutu ndi kumimba, ndipo tinaipha isanafe yokha. Anzanga anati ndi chigodola, ndipo chigodola sichigwira munthu. Patapita masiku atatu, mphwanga amene anaitumbula anatupa chala pamene anadzicheka ndi mpeni. Pafiirira ndipo akuti pakuwotcha. Kodi zimenezi zachokera ku nkhumba ija?
Mlimi, Mitundu

YANKHO: Bambo, anzanuwo ananena zoona pa mfundo imodzi yokha. Chigodola cha nkhumba chimayambitsidwa ndi vairasi imene imatha kupululutsa khola lonse m'masiku owerengeka, koma siidwalitsa munthu. Vuto ndi lakuti chigodolacho munachizindikira ndi maso okha, pamene pali matenda ena oyambitsidwa ndi mabakiteriya amene amafiiritsanso khungu la nkhumba ndi kuiletsa kudya, ndipo amenewo amamugwira munthu.

Zimene mwafotokoza zikufanana kwambiri ndi matenda a bakiteriya wotchedwa Erysipelothrix rhusiopathiae. Pa nkhumba amatulutsa zigamba zofiira, zotukuka pang'ono, nthawi zambiri zangodya zinayi, pamsana ndi m'nthiti. Kwa munthu amalowera pa bala, ndipo pasanathe sabata chala chimatupa, chimafiirira moderako, chimayabwa ndi kuwotcha, koma kawirikawiri sichitulutsa mafinya. Mphwanuyo apite kuchipatala, chifukwa mankhwala a gulu la penisilini amachiza msanga, pamene kuzengereza kumapatsa tizilomboto mpata, ngakhale sizichitika kawirikawiri, wolowa m'magazi ndi kukawononga mtima. Akafika kumeneko anene poyera kuti anatumbula nkhumba yodwala. Dokotala amene sanauzidwe zimenezi angaganize kuti ndi chotupa wamba.

Amene ndimamuopa koposa ndi Streptococcus suis. Bakiteriya ameneyu amakhala kukhosi ndi m'mphuno mwa nkhumba, ngakhale zimene zikuoneka zathanzi, ndipo amalowanso pa bala kapena kudzera m'nyama ndi magazi osapsa. Munthu amayamba kutentha thupi, mutu umawawa kwambiri, amasanza, kenaka khosi limauma, chifukwa tizilomboto timakhala tafika ku zikuto za ubongo. Ambiri amene amachira amatsala ogontha mpaka kalekale, ndipo ena amayenda modzandira. Munthu woyamba kudziwika ndi matendawa anapezeka ku Denmark mu 1968, ndipo mu 2005 m'chigawo cha Sichuan ku China anadwala anthu opitirira 200, n'kumwalira oposa 30. Pafupifupi onsewo anali alimi amene anapha kapena kutumbula nkhumba zodwala ndi zofa zokha, ndendende monga munachitira inu. Choncho mphwanuyo, kapena wina aliyense amene anagwira nyamayo, akayamba kuuma khosi, kusamva bwino kapena kubwebweta, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala, ndipo akakutumizani ku Kamuzu Central musakane.

Pali matenda ena awiri amene amabisala kumbuyo kwa malungo. Oyamba ndi a bakiteriya wa Brucella, amene amachititsa nkhumba yaikazi kutaya bere ndi yamphongo kutupa machende. Munthu amawatenga pogwira tiana tobadwa takufa ndi zotuluka pobereka ndi manja osavala kanthu, ndipo amatentha thupi mobwerezabwereza, amatuluka thukuta usiku, msana ndi mfundo zimaphwanya kwa miyezi. Mankhwala ake ndi a mitundu iwiri, omwa kwa masabata 6 kapena kuposerapo. Achiwiri ndi a Leptospira, amene amatuluka mumkodzo wa nkhumba ndi makoswe, ndipo amakonda dzinja, pamene khola lasanduka matope. Mnyamata wopala ndowe wosavala nsapato, ali ndi ming'alu kumapazi, ndiye amayamba kugwidwa. Zikakula maso amachita chikasu ndipo impso zimafooka. Ngati kuchipatala akuyezani kawiri n'kupeza kuti mulibe malungo koma thupi likutenthabe, musakagule LA pagolosale. Bwererani mukanene kuti mumagwira ntchito ya nkhumba.

Odya nyamayo nawonso ali ndi gawo lawo. Salmonella ndi Yersinia amachokera m'matumbo a nkhumba, amapaka nyama potumbula, ndipo amatsekula m'mimba, makamaka ana. Moto umawapha nyama ikatentha kufika madigiri 70 mpaka m'kati. Pa chiwaya, makasitomala akachuluka madzulo, nthuli imapsa kunja kokha, ndipo mpeni ndi thabwa limene adulira nyama yaiwisi ndi lomwelo amaduliranso yakupsa pamodzi ndi tomato ndi anyezi. Uzani anyamata anuwo kuti nthuli ikang'ambidwa isaonetse kufiira kapena madzi a magazi.

Kunena mosapsatira, nkhumba ija sinayenera kugulitsidwa, ngakhale ndikudziwa kuti gaga wakwera mtengo ndipo kukwirira nyama yonse kumapweteka mtima. Ikanakhaladi ya chigodola, ndiye kuti nyamayo yanyamulira matendawo ku makola a alimi anzanu. Ina ikadwala, ipatuleni ndipo itanani mlangizi wa ziweto wa dera lanu, amene angatumize magazi kapena ziwalo zake ku labotale ya boma ya matenda a ziweto ku Bwemba kuti akaziyeze. Ikafa, ikwirireni m'dzenje lakuya kumene agalu sangafukule. Ndipo popha ngakhale yathanzi, wotumbula avale magolovesi ndi majombo, asambe m'manja ndi sopo akamaliza, ndipo amene ali ndi bala losapola tsiku limenelo asiyire mnzake mpeni.