Mwana wokonda mpira angathe sukulu? Yankho kwa mayi wina

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo. Akuti mwana wawo wa Fomu 3 mutu wake uli pa mpira basi, ndipo wamva zoti ku America anyamata amalipiriridwa yunivesite chifukwa cha masewero. Funso lawo: kodi alipo amene anakwanitsa zonse ziwiri, mpira ndi mabuku, kapena n'kudzinamiza chabe?

Mayi, alipo. Koma ndiyambe ndakuuzani kuti mpira umene ndikambe pano si wathu wamiyendowu ayi. Ndi uja wa ku America wogundana, wovala zipewa zolimba ngati za panjinga yamoto.

Munthuyo ndi Myron Rolle, wobadwa mu 1986 kwa makolo ochokera ku Bahamas. Anakulira ku New Jersey, nkukasewera kumbuyo mu timu ya Florida State University. Digiri ya zaka zinayi iye anaimaliza m'zaka ziwiri ndi theka. Tsiku limene anthu amamukumbukira nalo ndi la 22 Novembala 2008. Masana anali ku Birmingham, ku Alabama, akufunsidwa mafunso a Rhodes Scholarship, thandizo lokaphunzirira ku yunivesite ya Oxford ku England lomwe ku America konse amapatsa ophunzira 32 okha pachaka. Anapambana, anakwera ndege, nkukafika ku Maryland, komwe timu yake inkasewera, masewero atayamba kale. Analowa m'bwalo, timu yake nkuwina.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino. Kupita ku Oxford kunam'dya. Anachedwa chaka chathunthu kulowa mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawu ku America, ndipo ena a matimu ankamukayikira kuti mtima wake suli pa mpira. Mu 2010 timu ya Tennessee Titans inam'tenga mochedwa, m'chigawo chachisanu ndi chimodzi cha kusankha osewera, ndipo sanasewereko gemu ya ligi ngakhale imodzi. Mnyamata amene manyuzipepala ankamutama ali kusekondale, mpira wake unathera pabenchi.

Anabwerera ku Florida State kukaphunzira udokotala, nkumaliza mu 2017, kenako anapita ku chipatala cha Massachusetts General ku Boston kukaphunzira za opaleshoni ya ubongo. Mliri wa COVID-19 utavuta mu 2020, anali m'gulu la osamalira odwala.

Za kuthandiza anthu, chimene chimandigwira mtima n'choti sanadikire kulemera. Adakali pasukulu anayambitsa maphunziro a zaumoyo kwa ana a mtundu wa Seminole ku Florida, kuwaphunzitsa za kadyedwe ndi matenda a shuga. Ambirife timati tidzathandiza tikadzapeza ndalama. Iye anali ndi nthawi yochepa ndi nzeru za m'kalasi, nkugawa zomwezo.

Tsono musamuuze mwana wanu kuti adzakhala Rolle. Mwa osewera mpirawu m'makoleji a ku America, amene amafika mu NFL sakwana awiri pa 100 alionse. Komanso bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a m'makoleji, sililola wophunzira kusewera ngati magiredi ake sakufika pa mlingo. Mpira wamiyendo uliponso m'makoleji omwewo, ndipo lamulo lake ndi lomweli. Choncho akadzabweranso ndi nkhani ya ku America, mufunseni kaye kuti MSCE wakonzeka nayo bwanji, chifukwa akuluakuluwo adzayamba aona satifiketi asanam'patse jezi.